Amalume a Venansio ndi Theka la Nyimbo Yawo

Sabata yatha tinavundukula chiliza cha amalume a Venansio, pakuti chaka chakwana chiwaikire m'manda. Akwaya anabwera ndi kiyibodi yawo, jenereta inalira, anthu anadya mpunga wa nandolo n'kubalalika dzuwa lisanapendeke. Zonse zinayenda bwino, ndipo zimenezo ndi zimene zikundipweteka. Palibe amene anaona kuti pakusowa kanthu. Ine ndinabwerako mtima uli zii, podziwa kuti nyimbo imene munthuyo anaisenza moyo wake wonse sidzamvekanso kuno, ngakhale theka lake.

Ndati theka, ndipo sindinaphonye. Amalumewo, mlongo wawo wa amayi anga, ankadziwa theka lokha la nyimbo ya Chilatini imene kale inkaimbidwa pamanda a Akatolika kuno kwathu, m'midzi yozunguliridwa ndi minda ya tiyi kumunsi kwa phiri. Theka linalo linali m'kamwa mwa a Pasikale, mnzawo wa paubwana, amene anakhala osalankhulana naye nthawi yaitali moti ana obadwa chaka cha mkangano wawo lero ali ndi ana awoawo.

Amalume anali munthu wamfupi, wa miyendo yamatewe. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yodulira tiyi ku esiteti, ndipo mpeni wawo wokhota uja ankaunolabe atapuma pantchito, popanda choti akadule. Jekete lawo lakuda linachita kusanduka lobiriwira m'mapewa, koma ukawauza kuti Lamulungu avale lina ndiye kuti wawaputa dala. Sankaimba polima, sankaimba posamba, ndipo mluzu ankati ndi wa anyamata oitanira minibasi. Mlendo akanatha kukhala nawo mwezi wathunthu osadziwa kuti munthuyu ali ndi mawu. Chimene chinkawaulula ndi dzanja. Akamamvetsera munthu, dzanja lawo lamanja linkakwera ndi kutsika lokha pabondo, pang'onopang'ono, ngati akuyeza mpweya wa wolankhulayo. Ukathamanga polankhula ankakudula n'kukuuza kuti upume kaye, mawu sathawa.

Nyimboyo anaiphunzira ali anyamata kwa wansembe wina wa ku Ulaya, amene anthu anangomutcha Bambo Chindevu. Masiku amenewo Misa yonse inali ya Chilatini. Wansembeyo anasankha anyamata a mawu abwino n'kuwagawa pawiri, ena kumanzere kwa guwa, ena kumanja. Akumanzere ankayamba ndime, akumanja n'kuyankha ndi ndime yotsatira, kupokezana choncho mpaka kumapeto, pamene mbali zonse zinkaphatikiza mawu. Panalibe ng'oma, panalibe kuomba m'manja, panalibe za besi kapena tena. Onse ankayenda pamzere umodzi wa mawu, wokwera pang'ono, wotsika pang'ono, wautali ngati chingwe cha pachitsime. Buku linali limodzi, la wansembe yemweyo, lokhala ndi timadontho takuda tamakona pa mizere inayi, ndipo pobwerera kwawo anapita nalo. Anyamatawo anaphunzira ndi khutu, aliyense ndime za mbali yake. Amalume anali akumanzere, a Pasikale akumanja.

Amalume ankakonda kubwereza zimene Bambo Chindevu ankawauza pakhonde akaweruka. Ankati maimbidwe amenewa ndi a zaka mazanamazana, a amonke a ku Ulaya amene ankadzitsekera m'nyumba zamiyala n'kumaimba mopokezana kuyambira m'bandakucha, mbali ina ikamapuma ina ikuimba, kuti pemphero lisaduke. Pamenepa ankafotokoza maso akuwala. Koma panali chigawo china cha nkhaniyo chimene ankachilumpha, chimene ife tinadzachimva kwa a Pasikale. Akuti kunja kwa mipanda ya amonkewo kunalinso oimba oyendayenda, onyamula zeze wawo mudzi ndi mudzi, oimba za chikondi, za vinyo ndi za akazi a eni, ndipo ena mwa iwo ankabwereka maimbidwe a m'tchalitchi n'kuwaveka mawu a pamowa. Anyamata awiri anamva nkhani imodzi pakhonde limodzi, koma aliyense anatolapo yake.

Misa itasanduka ya Chichewa, amalume sanadandaule. Ankati Mulungu Chichewa amamva, ngakhale Chilomwe chimene. Ng'oma zitalowa m'tchalitchi anang'ung'udza pang'ono kenaka n'kuzolowera. Kiyibodi ndiye sanaikhululukire mpaka imfa. Ankati nyimbo ya Mulungu ilibe chiuno, ndipo iliyonse yogwedeza munthu m'chiuno ipite ku gule wa tchopa, kumene iwo omwe ankapita kukaonerera mpaka fumbi kuwadzaza m'nsidze. Chilatini chonse chinatha, kupatula nyimbo imodzi ija ya pamanda, chifukwa anamfedwa ankaifuna. Bokosi likatsitsidwa, adzukulu asanagwire mafosholo, akumanzere ankaima mbali iyi ya dzenje, akumanja mbali inayo, n'kupokezana pamwamba pa womwalirayo. Ife sitinkamvapo liwu ndi limodzi lomwe. Amalume ankati ndime zawo zimanena za mantha a munthu wofika pachiweruzo, pamene zakumanja zimamupemphera chifundo. Achinyamata ankaitcha nyimbo ya njuchi, koma ikayamba nawonso ankangoti ziii.

M'chaka chawo chomaliza amalume ankakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba yanga, ndipo ine ndi amene ndinkawapatsira phala. Panali funso limodzi limene linkawadya. Sankalifunsa ine, ankalifunsa khoma. Ndikamasesa pakhomo ndinkawamva akuti, ndani adzandiimbira ine? Yankho lake tonse tinkalidziwa, ndipo iwo ankalidziwa kuposa ife. Munthu mmodzi yekha ndi amene anatsala ndi nyimboyo m'boma lonse lino, ndipo munthuyo anamupirikitsa ndi iwo omwe.

Mkanganowo unayambira paukwati ku Thuchila, masana dzuwa likuswa mtengo. A Pasikale anali aatali, a nthabwala, okonda otheka, mowa wathu uja wa masese, ndi banjo yawo ya chigubu. Atakhuta anayamba nyimbo yonyogodola mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene anawakana ali mnyamata. Mawu ake anali a Chilomwe, opusa ndi oseketsa. Koma maimbidwe ake anali a nyimbo ya pamanda ija, atangowafulumizitsa kuti alowe m'chiuno. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, amayi anamanga zitenje n'kulowa m'bwalo. Amalume anali pomwepo. Anaika chikho pansi, anatenga chipewa, ulendo wapansi kubwerera kumudzi.

Lamulungu lotsatira amalume anawadikirira a Pasikale panja pa tchalitchi. Amayi anga anali pafupi, ndipo nkhaniyi anaifotokoza kambirimbiri.

"Pakamwa pamene munaimbira zitumbuwa paja musadzapatsegulenso pamanda," anatero amalume.

"Aa, amigu, mnzangawe, si nyimbo chabe? Bambo Chindevu yemwe ananena kuti ku Ulaya ankatero."

"Ku Ulaya nakonso kunali zidakwa."

"Nanga nyimboyo yachepa? Ikadalipo yonse, Vena."

"Mwezi watha womwewu tinaika nayo mwana wa mlongo wanu. Lero amayi akuivinira."

A Pasikale anaseka. Amayi ankati sikunali kuseka kwachipongwe, kunali kwa munthu wosowa chonena. Koma kusekako ndi kumene kunatseka chitseko. Amalume anapita kwa akuluakulu a mpingo, ndipo a Pasikale anachotsedwa pagulu la oimba pamanda. Patapita zaka anasamukira ku Limbuli, kwa mwana wawo wamkazi.

Kunena chilungamo, amalume anali ndi mfundo. Nyimbo ya zitumbuwa ija inafala ngati moto wa tchire. Ana ankaiimba popita kusukulu, otchola tiyi ankaiimba m'mizere. Pamaliro ena, akumanzere atangoyamba ndime yoyamba, mnyamata wina kumbuyo anaphulika kuseka, mayi wofedwa akumva. Tsiku limenelo amalume sanadye. Koma mfundo yabwino ikakhalitsa m'mutu wouma sithandizanso munthu. Akazi awo, mayi Agata, anayesa kuwanyengerera mpaka malovu kuuma. Ankawakumbutsa kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo nyengo ya nanazi ikafika ankatumiza dengu ku Limbuli mwakabisira, amuna awo akunamizira kusaona. Amalume ankangoyankha kuti akumanja alipo ena.

Analipodi, koma anali kutha. Wina anapita ndi chifuwa, wina anagundidwa ndi lole pamsewu wa ku Boma, wina anatengedwa ndi ana ake ku Blantyre n'kukaikidwa komweko. Akumanzere nawonso anatha chimodzimodzi. Apa mpamene amalume anayesa kuphunzitsa akwaya. Anabwera ambiri ndithu tsiku loyamba, ine ndili m'gulumo. Koma munthu uja ankaphunzitsa ndime zakumanzere zokha. Akamaliza ndime ankakhala chete, dzanja likuyenda, kenaka n'kudumphira ina. Titawapempha kuti atiphunzitse zakumanja anakana. Tinawauza kuti nanga si mwakhala mukuzimva moyo wanu wonse? Iwo anati kumva si kudziwa. Mawu amenewo sanawaikepo pakamwa pawo, ndipo sangapereke kwa Mulungu pemphero lopunduka m'chinenero chimene iwo sangathe kuchikonza. Ndani angalimbikire nyimbo ya mipata ngati mano a nkhalamba? Anthu anayamba kujomba mmodzimmodzi mpaka maphunziro anafa okha.

Mkulu wa kwaya, mphunzitsi wofatsa amene ankawalemekeza amalume, anayesa njira ina. Anapeza pafoni nyimbo yofanana nayo, yoimbidwa ndi amonke a ku Ulaya komweko, n'kuwabweretsera. Anati pamanda tikhoza kumaika foniyo pasipika, iyo izikhala akumanja. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja likukwera ndi kutsika, misozi ikulengeza. Kenaka anabweza foniyo ndi manja awiri n'kuthokoza. Anati wakufa chamuchokera ndi mpweya, ndiye oima pambali pa dzenje amamubwereka wawo, tsono foni ilibe mpweya woti ibwereke munthu. Ine ndinaona kuti mphunzitsiyo anaganiza bwino, ndipo ndikuonabe choncho. Koma amalume akakana chinthu, ngakhale bishopu akanabwerera.

Tsiku limene aliyense kuno amawakumbukira nalo ndi la maliro a mayi Agata. Anamwalira nyengo ya chiperoni, phiri litabisala m'nkhungu, mvula yowaza ikulowa mpaka m'mafupa. Tinakawaika kwawo, kutsidya kwa mtsinje, kumanda a mbumba yawo. Panthawiyi akumanja onse anali atatha kupatula mmodzi. Bokosi litatsitsidwa tinangoona a Pasikale akutulukira m'gulu la anthu, matope mpaka m'mawondo, jekete lobwereka litawathina m'khwapa. Anakaima kumanja kwa dzenje, chipewa chili m'manja. Tonse mitima inagwa pansi. Tinati lero zatha, imfa yawayanjanitsa.

Amalume anawayang'ana nthawi yaitali.

"Pitani mukaime kwa anthu."

"Vena, ndi Agata uyu. Lero lokha."

"Ndati kwa anthu."

Adzukulu anazyolika. A Pasikale anabwerera chafutambuyo mpaka anakatsamira bulugamu wa m'mphepete mwa manda.

Ndiye amalume anayamba okha. Mawu awo anali akadalipo nthawi imeneyo, akuya, osanjenjemera, otuluka m'kathupi kakang'ono kaja mochita kudabwitsa. Anamaliza ndime yoyamba n'kukhala chete. Tinayesa aiwala. Koma dzanja linali likuyenda, kukwera ndi kutsika, kuyeza ndime yakumanja yonse kuyambira poyamba mpaka pothera. M'kati mwa chete ameneyo tinkamva madontho akugwa pabokosi. Nthawi ya ndimeyo itakwana anapuma mpweya n'kuyamba yawo yotsatira. Anachita choncho mpaka kumapeto. Ine ndinacheuka n'kuona milomo ya a Pasikale ikuyenda pansi pa bulugamu paja, m'mipata yomwe ija, popanda liwu lotuluka.

Ndinakwiya tsiku limenelo, ndipo ndikakumbuka ndimakwiyabe. Mayi amene sanalakwire munthu, mayi wa dengu la nanazi, anatsikira m'manda ndi ndime za chiweruzo zokhazokha. Womupemphera chifundo anali pomwepo, wanyowa ndi mvula, waletsedwa. Pofika pomaliza, pamene mbali ziwiri zimayenera kuphatikizana, mawu a amalume anasweka. Anamaliza monong'ona, n'kutola dothi, n'kuponya.

Chiimbire tsiku limenelo sanaimbenso. Anamfedwa anasiya kuwaitana, pakuti ndani angafune theka la nyimbo pa m'bale wake? Akuchikazi atawasudzula monga mwa mwambo wathu, anabwerera kuno kwa alongo awo ndi kachikwama, mpeni wokhota ndi jekete lija. Lamulungu ankapitabe kutchalitchi, n'kukhala pamalo awo a masiku onse, kumapeto kwa benchi yakutsogolo kumanzere, pafupi ndi zenera, mutu atatsamiritsa kukhoma. Kiyibodi ikamalira ankatsinzina. Ankafota tikuwaona.

Tsiku lina ndikuwameta tsitsi pakhonde analankhula mwadzidzidzi, osandiyang'ana.

"Mphwanga, Agata ndinamulanga pa mlandu wa zitumbuwa."

Ndinati tiwaitane a Pasikale, Limbuli si kutali. Iwo anangoti ndimalize kumeta, lezala likuzizira. Ndinabwerezanso mawuwo atabwerako kuchipatala cha ku Boma, kumene madokotala anatiuza kuti tingowasamalira kunyumba. Anatembenukira kukhoma. Kunyada kwa nkhalamba n'kovuta kuposa matenda ake. Ankaopa kupita opanda nyimbo, mantha enieni owachititsa thukuta, koma pakamwa pawo sipankatha kutchula dzina la munthu amene akanawaimbira.

Kenaka mmawa wina, nditawapatsa phala n'kungolawa, anandigwira chitenje.

"Ukamapita ku Limbuli kukagula nyemba, ukamuuze chidakwa uja kuti pandime yomaliza amathamanga. Azipuma."

Ine ndinalibe ulendo wa ku Limbuli, ndipo nyemba zinali zodzaza m'thumba m'nyumba. Ndinasiya mbale pomwepo n'kuthamangira kumsewu kukakwera kabaza.

A Pasikale ndinawapeza pakhonde la mwana wawo, maso atachita ng'ala, mwendo umodzi utatupa. Banjo ya chigubu inali pamsomali, yopanda nsambo. Ndinagwada n'kupereka uthengawo monga mmene ndinaulandirira, ndi chidakwa chomwe. Kenaka anayamba kuseka, misozi ikutsika m'masaya.

"Watero? Iyeyo ndiye amakoka ngati ng'ombe ya ngolo. Chiyambire tili anyamata!" Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Kamuuze kuti ndikubwera mawa, mwanangu. Mwendowu sungakwere njinga, mpaka apeze galimoto. Kamuuze andidikire, tidzayesere kaye."

Ndinawauza amalume madzulo ake. Dzanja lawo linayenda pang'ono pabulangete. A Pasikale anafikadi mawa lake dzuwa litakwera, atakwera kumbuyo kwa galimoto yonyamula nthochi. Anakumana ndi kulira kwathu ali panjira ya kuchitsime. Amalume anali atatsamira mkono kutangocha.

Kumanda, bokosi litatsitsidwa, mwana wa a Pasikale anawagwira dzanja n'kukawaimika kumanja kwa dzenje. Mkulu wa kwaya anakodola mnyamata wa jenereta kuti azimitse. Tinadikira. A Pasikale anangoima. Akatekisiti anawayandikira n'kuwanong'oneza kuti agogo, yambani, anthu akudikira.

"Sindingayambe ine," anatero mokweza, akuloza m'dzenje. "Woyamba ndi uyo."

Anapendeketsa mutu ngati munthu womvetsera. Anakhala choncho kutalika kwa ndime yonse yoyamba, kenaka anapuma mpweya n'kuyankha. Mawu awo anali atatha, osasa, onjenjemera, koma mzere uja unali womwewo. Atamaliza anakhalanso chete. Amene tinalipo pamaliro a mayi Agata tinazindikira chimene chinkachitika, ndipo amayi ena anayamba kulira m'mpatamo. A Pasikale anakweza dzanja.

"Chete, akuimba."

Tinakhala chete. Sindinamvepo manda ali chete chotero. Anapokezana choncho ndi munthu wa m'bokosi mpaka kumapeto. Pandime yomaliza, yoyenera anthu awiri, anaimba okha, pang'onopang'ono, akupuma pamene pamayenera kupuma. Atatha anatembenuza nkhope kufunafuna mawu anga.

"Ndathamanga, mwanangu?"

"Ayi, agogo, simunathamange."

Anagwedeza mutu. Adzukulu anayamba kukwirira. Pamene ndinkawathandiza kutsika pamulu wa dothi anandifinya dzanja n'kufunsa chapansipansi, "Nanga ine?" Sanadikire kuti ndiwayankhe.

Nthawi zina ndimadzitonthoza kuti ukaphatikiza maliro awiriwa nyimbo yakwana, chiweruzo kwa mkazi, chifundo kwa mwamuna. Koma kumeneko n'kudzinamiza. Mayi Agata agona kutsidya kwa mtsinje, amalume agona kuno, ndipo aliyense anapita ndi theka. Nyimboyo inapangidwa kuti anthu awiri amoyo aime moyang'anana, ndipo anthu awiriwo analipo, athanzi, m'boma limodzi, zaka zonse zija. Madzi akatayika saoleka.

A Pasikale anatsatira mvula itangoyamba. Ndinapita ku Limbuli kukawaika. Kwaya ya kumeneko inaimba bwino kwambiri, kiyibodi ndi ng'oma, ndipo palibe anadziwa zoti akumanzere kapena akumanja. Pobwerera ndinaima pamsika kudikira minibasi. Mnyamata wina wa kabaza, wobadwa dzana lomweli, ankapukuta njinga yake akuimba mluzu. Anali maimbidwe aja, ofulumira, a m'chiuno. Ndinamufunsa kuti nyimboyo waitenga kuti. Anaseka n'kunena kuti ndi yakalekale ya zitumbuwa, agogo ake ankaivina. Zimene amonke anasunga m'nyumba zamiyala, zimene Bambo Chindevu anawoloka nazo nyanja, zimene amalume anatayira mnzawo ndi mtendere wa mkazi wawo, zatsala pamilomo ya mnyamata wopukuta njinga. Ndinalira m'minibasi mpaka ku Boma, anthu n'kumayesa ndikulira maliro amene ndinachokerako.

Dzulo Lamulungu ndinalawirira kutchalitchi. Kumapeto kwa benchi yakutsogolo kumanzere, pafupi ndi zenera, sipakhala munthu tsopano. Anyamata a kwaya anaikapo sipika, chifukwa waya wa jenereta amalowera pazenera pomwepo. Pansi, simenti ikadali yosalala pamene chidendene chawo chinkaponda. Pakhoma pakadali banga lakuda, lozungulira, pamene ankatsamiritsa mutu akatsinzina. Kiyibodi ikasiya kulira pakati pa nyimbo ndi nyimbo, maso anga amathamangira pamenepo okha. Akuluakulu a mpingo alengeza kuti khomalo alipaka laimu Pasaka isanafike.